Atomu ilibe mtima, ili ndi tchaji basi

Pali chiganizo china chomwe chimandidikira m'makope a ana anga a Fomu 3 chaka chilichonse tikafika pa mutu wa chemical bonding. Mwana amalemba kuti sodium imapereka elekitironi yake kwa chlorine chifukwa "imafuna" kukhala ndi maelekitironi 8 kunja kwake, chlorine nayo imalandira chifukwa "imafuna" zomwezo. Ndimachonga ndithu, poti m'manotsi ambiri oyendayenda m'masukulu mwathu zinalembedwa choncho, ndipo mwana salakwa akabweza zomwe anapatsidwa. Koma mtima sukhala m'malo. Atomu ilibe khumbo, ndipo kuwerenga mpaka 8 siidziwa. Mwana amene anangoloweza za kufunazi amakakamira pomwe funso langopindidwa pang'ono: n'chifukwa chiyani magetsi sadutsa mu mchere wouma koma amadutsa mu mchere wosungunula? N'chifukwa chiyani waya ukaumenya umaphwatalala pomwe mchere umanyenyeka? Mawu oti "imafuna" alibe yankho pamenepo.

Tiyambe ndi kuwerenga, chifukwa apa palibe kozembera. Pakati pa atomu pali nyukiliyasi yokhala ndi mapulotoni, ndipo pulotoni iliyonse ili ndi tchaji ya positive. Maelekitironi, omwe tchaji yawo ndi ya negative, amakhala mozungulira m'magawo omwe m'kalasi timati ma shell. Pa ma element 20 oyamba, omwe ndi amene mayeso amakonda, shell yoyamba imadzadza ndi 2, yachiwiri ndi 8, yachitatu imafika pa 8 n'kuyamba yachinayi. Sodium ili ndi maelekitironi 11, ndiye timalemba 2.8.1. Magnesium ndi 2.8.2, aluminiyamu 2.8.3, chlorine 2.8.7, kaboni 2.4, naitirojeni 2.5, okosijeni 2.6, calcium 2.8.8.2. Nambala yomalizayo ndiye ma valence electron, maelekitironi a mu shell yakunja kwenikweni. Ndi omwewo amene amagwira ntchito maatomu awiri akakumana. Amkatiwo sachita nawo.

Malikisi ambiri amathera pa kusokoneza ma valence electron ndi valency. Okosijeni ili ndi ma valence electron 6 koma valency yake ndi 2. Chlorine ili ndi 7, valency yake ndi 1. Choyambacho ndi chiwerengero cha omwe alipo, chachiwiricho ndi chiwerengero cha omwe atomu imataya, kulandira kapena kugawana ikamalumikizana ndi inzake. Pa sodium ndi magnesium manambala awiriwa amafanana, n'chifukwa chake mwana amazolowera n'kuganiza kuti ndi chinthu chimodzi, mpaka adzagwe nazo pa okosijeni.

Akatswiri anadziwa valency kalekale asanadziwe kuti kunja kuno kuli elekitironi. Edward Frankland wa ku England anaona mu 1852 kuti atomu ya element iliyonse imalumikizana ndi maatomu ena owerengeka, osati mwachisawawa. Dmitri Mendeleev anandandalika tebulo lake mu 1869, n'kuika mu gulu limodzi ma element ochita zofanana, chifukwa chake osachidziwa. J. J. Thomson anadzapeza elekitironi ku Cambridge mu 1897, ndipo patapita zaka zinanso zinadzaoneka kuti lithium, sodium ndi potassium zimafanana khalidwe chifukwa zonse zili ndi elekitironi imodzi kunja. Inu lero mumangoyang'ana nambala ya gulu pa tebulo n'kudziwa ma valence electron. Anthu anavutikira zimenezi zaka zoposa 60.

Funso lomwe ndimafuna mwana adzifunse ndi ili: bwanji wakunjayo ndi amene amachoka, ndipo bwanji amachoka yekha? Yankho lake linachita kuyezedwa. Kuti muchotse elekitironi yoyamba pa maatomu a sodium pamafunika mphamvu yokwana ma kilojoule 496 pa mole iliyonse (mole ndi muyeso wa kuchuluka kwa maatomu). Kuti muchotse yachiwiri pamafunika 4562, kuwirikiza kasanu ndi kanayi n'kupitirira. Magnesium nayo: yoyamba 738, yachiwiri 1451, yachitatu 7733. Onani pomwe nambala yalumpha. Pa sodium yalumpha itachoka imodzi, pa magnesium zitachoka ziwiri, ndendende pomwe shell yakunja yathera. Elekitironi ya 11 ya sodium ili ngati mnyamata wogona kumphala: nyumba ya makolo ili patali, pakati pali nyumba zina zotchinga, akatuluka usiku palibe womugwira. Nyukiliyasi imaikoka inde, koma ili kutali, ndipo maelekitironi 10 amkati amaphimba kukokako. Ikachoka iyoyo, yotsatira ili mu shell yapafupi, yogwidwa zolimba. Ichi ndi chifukwa chake timakumana ndi Na+, sodium yotaya elekitironi imodzi, koma Na2+, yotaya awiri, sitikumana nayo m'botolo lililonse. Potassium, yomwe elekitironi yake yakunja ili mu shell yachinayi, imangofunika 419, ndipo ikagwera m'madzi imachita ukali kuposa sodium. Mwana akagwira mfundo ya mtunda ndi kutchinga, funso la reactivity ya gulu loyamba safunikanso kuloweza.

Tsopano masamu omwe amagwetsa nkhani ya kufuna ija. Kuchotsa elekitironi pa sodium kwadya 496. Chlorine ikalandira elekitironiyo pamatuluka mphamvu yokwana 349. Chotsani muone: mwaluza 147. Zikanakhala kuti nkhani yonse ndi kupatsana elekitironi kuti aliyense akwanitse 8, mchere sukanapangika, chifukwa kupatsanako pakokha kumadya mphamvu. Ndipo sitinawerengere 107 yolekanitsira maatomu a sodium pa chitsulo chake, ndi 122 yodulira mamolekyu a chlorine. Zonse pamodzi taluza 376.

Chimabweza zonsezi n'chiyani? Sodium ikataya elekitironi imasanduka ion ya positive, chlorine ikalandira imasanduka ion ya negative, ndipo positive ndi negative zimakokana. Ma ion amenewa akathamangirana n'kusanjikizana pamatuluka mphamvu yokwana pafupifupi 787. Chotsani 376 ija, patsala 411 yotuluka ngati kutentha ndi kuwala. Kukokana kumeneku ndiye ionic bond. Kusamuka kwa elekitironi kumangopanga ma ion. Bond yeniyeni ndi kukokana kwa ma tchaji osiyana. Pa mayeso chiganizo chake ndi "electrostatic force of attraction between oppositely charged ions", ndipo mwana amene wamvetsa masamu ali pamwambawa sangachiiwale.

Chithunzi chomwe timajambula pa bolodi, ka Na kamodzi ndi ka Cl kamodzi ndi muvi pakati, chimanamiza ana kuti mu mchere muli timagulu ta awiriawiri. Mulibe. William Henry Bragg ndi mwana wake Lawrence Bragg anaunika mchere ndi ma X-ray mu 1913, n'kupeza kuti ion iliyonse ya sodium yazunguliridwa ndi ma ion 6 a chloride, kutsogolo, kumbuyo, kumanja, kumanzere, pamwamba ndi pansi, chloride iliyonse nayo yazunguliridwa ndi ma sodium 6, ndipo zimangopitirira choncho mpaka m'mphepete mwa kambulu ka mchere. Sodium siidziwa kuti elekitironi yake inapita kwa chloride iti. Imakoka onse oyandikana nayo mofanana. Tikalemba NaCl tikungonena kuti pa sodium imodzi pali chloride imodzi. Tengani mchere wa mibulu uja wa pamsika, thirani pa pepala lakuda muuyang'anitsitse padzuwa. Mupeza timibulu tina ta ngodya zowongoka bwinobwino ngati anachita kusema. Ndi dongosolo la mkati lija likuonekera kunja.

Zotsatira zake zimangobwera zokha. Kuti mchere usungunuke ndi moto muyenera kugonjetsa kukokana kwa mbali zonse, ndiye pamafunika madigiri 801. Magnesium oxide, momwe ma ion ali ndi tchaji ya 2+ ndi 2-, amakokana kwambiri moti imasungunuka pa madigiri 2852, n'chifukwa chake amaiyala mkati mwa ng'anjo zosungunulira zitsulo. Kanikizani kambulu ka mchere ndi msana wa supuni pa tebulo: sikapindika, kamangoti phwa, n'kumwazika. Mwasuntha mzere umodzi wa ma ion pang'ono chabe, positive yayang'anizana ndi positive, negative ndi negative, zakankhana, kambulu kang'ambika.

Za magetsi ndimakonda kuti ana aone ndi maso, ndipo sizilira labu yapamwamba. Timatenga mabatire a tochi, timawaya, kababu ka LED kochotsa mu tochi yakufa, ndi timitengo takuda ta kaboni tomwe timakhala pakati pa mabatire akale. Timitengo tiwiri timeneti tikatizika mu mchere wouma, kababu kali zii. Tikathira madzi n'kutakasa, kamayaka. Ndimafunsa kuti chasintha n'chiyani, poti mchere ndi womwewo. Ma ion analipo kale, koma anali omangika pamalo amodzi. Madzi awamasula, tsopano akutha kuyenda, ndipo magetsi ndi tchaji yoyenda. Kenako timayesa shuga. Amasungunuka bwinobwino, madzi ali mbee, koma kababu sikayaka, chifukwa shuga akasungunuka amamwazika ngati mamolekyu opanda tchaji. Apa chenjezo: madzi a pamjigo amatha kuyatsa LED pang'ono ngakhale musanathire kanthu, chifukwa amabwera kale ndi ma ion ake ochokera m'miyala. Gwiritsani ntchito madzi a distilled othira mu batire ya galimoto aja, osati asidi wake, kapena a mvula otapa m'chiwiya choyera. Ndipo ndati mabatire a tochi. Wina asakayese ndi magetsi a pasoketi, maliro ake sindikufuna kukhalapo.

Shuga watifikitsa pa mtundu wachiwiri wa bond. Maatomu awiri a haidirojeni akakumana, palibe wolanda mnzake chifukwa mphamvu zawo n'zofanana. Chomwe chimachitika n'chakuti maelekitironi awiri, imodzi kuchokera uku ina uko, amakhala pakati pa manyukiliyasi awiriwo, ndipo nyukiliyasi iliyonse imakoka awiri onsewo. Poti onse akukoka chinthu chimodzi, sangatayane. Iyi ndiye covalent bond, ndipo taonani kuti ndi nkhani yomwe ija: positive ikukoka negative. Maganizo amenewa anawafalitsa ndi Gilbert N. Lewis wa ku Berkeley ku California mu 1916, chaka chomwecho Walther Kossel ku Germany akufotokoza za ma ion. Lewis anali atayamba kale mu 1902 kujambula maatomu ngati timabokosi ta ngodya 8, elekitironi iliyonse pa ngodya yake, pofuna kuthandiza ophunzira ake. Irving Langmuir ndi amene anadzatchukitsa nkhaniyi kuyambira 1919. Timadontho ndi timitanda tomwe mumajambula m'makope mwanu tinachokera kumeneko. Ndi njira yowerengera, yabwino kwambiri, koma musaganize kuti elekitironi ya kadontho ndi yosiyana ndi ya kamtanda. Zikalowa mu bond palibe angazisiyanitse.

Ndi njira imeneyi mamolekyu ambiri amatuluka mosavuta. Kaboni ili ndi 4 kunja, imagawana ndi mahaidirojeni anayi, mwapeza methane, CH4, mpweya womwe umatuluka mu ndowe zikamaola m'thanki ya biogas. Okosijeni ili ndi 6, imagawana ndi mahaidirojeni awiri, n'kutsala ndi mapeya awiri (maelekitironi awiriawiri) osagawana, mwapeza madzi. Mu carbon dioxide kaboni imagawana mapeya awiri ndi okosijeni iliyonse. Pojambula, yambani mwawerenga ma valence electron onse pamodzi, ndipo mukamaliza muwerengenso. Ana ambiri amaiwala mapeya osagawana aja, n'kutaya malikisi chithunzi chili chokhoza.

Pa naitirojeni ndimachedwapo, chifukwa nkhani yake imakhudza thumba la kholo lililonse lomwe limalima chimanga. Naitirojeni ili ndi 5 kunja, ndiye maatomu awiri amagawana mapeya atatu. Triple bond imeneyi kuti iduke pamafunika ma kilojoule pafupifupi 945 pa mole, ndipo ndi imodzi mwa ma bond olimba kwambiri omwe timawadziwa. Mpweya womwe tikupumawu, magawo 78 pa 100 aliwonse ndi naitirojeni. Chimanga chimakhala chitamira mu naitirojeni usana ndi usiku, koma masamba ake n'kumachita chikasu chifukwa chosowa naitirojeni yemweyo. Sichingathe kudula bond ija. Fritz Haber anapeza njira yoidulira n'kupanga ammonia mu 1909, Carl Bosch n'kuikulitsa kukhala fakitale ku Oppau ku Germany mu 1913, ndipo mpaka lero njirayi imalira kutentha kwa madigiri oposa 400, mpweya wopanikizidwa koopsa, ndi catalyst ya ayironi yofulumizitsa ntchitoyo. Urea yemwe timathira chimanga chikafika m'mawondo, wa 46 peresenti naitirojeni uja, amachokera mu ammonia ameneyu. Mbali ina ya mtengo wa thumba lija ndi mtengo wa mphamvu yodulira mapeya atatu a maelekitironi. Koma zulani nandolo, soya kapena mtedza muone timatuza ta kumizu. Finyani kamodzi ndi chikhadabo: ngati mkati muli mofiirira, mabakiteriya a Rhizobium ali pa ntchito, akudula bond yomweyo mwakachetechete m'dothi lozizira, popanda ng'anjo. Alangizi akamati tizisinthanitsa chimanga ndi mbewu za mtundu wa nyemba, chemistry yake ndi imeneyi.

Pali msampha wina womwe umakola ngakhale ana anzeru. Amaphunzira kuti zinthu za covalent zimasungunuka ndi kuwira msanga, ndiye amati covalent bond ndi yofooka. Ayi ndithu. Madzi akamawira mu ketulo, thovu lija si haidirojeni ndi okosijeni zolekana. Ndi madzi omwewo, H2O yathunthu, yasanduka nthunzi. Kudula bond imodzi ya pakati pa okosijeni ndi haidirojeni kumafuna pafupifupi 460 pa mole, pomwe kusandutsa madzi kukhala nthunzi kumangofuna 41. Chomwe moto wa pambaula wagonjetsa ndi kukokana kofooka kwa pakati pa molekyu ndi molekyu inzake. Za mkati mwa molekyu sunazikhudze n'komwe. Mukafuna kuona mphamvu ya covalent bond yeniyeni, yang'anani pomwe palibe timamolekyu tating'ono, pomwe ma bond angolukana kuyambira uku mpaka uko. Mchenga wa kunyanja ndi wotero, silicon ndi okosijeni zolukana, n'chifukwa chake moto wa nkhuni suuchita kanthu. Dayamondi ndi wotero: kaboni iliyonse yagwirana ndi anzake anayi, ma valence electron onse ali pa ntchito, palibe woyenda, ndiye ndi wolimba kuposa mwala uliwonse wachilengedwe ndipo magetsi sadutsamo.

Graphite, wakuda wa mu pensulo uja, ndi kaboni yemweyo, koma atomu iliyonse yagwirana ndi atatu okha, m'mapepala opyapyala osanjikizana. Mapepalawo sanagwirane zolimba, amatsetsereka, ndipo mukamalemba mumakhala mukuwasiya pa kope. Elekitironi yachinayi ija ilibe bond imodzi yokhazikikapo, imayenda m'pepala lonse, ndiye magetsi amadutsa. Timitengo ta m'mabatire tija tikugwira ntchito pa chifukwa chomwechi. Detsani kwambiri kamzere kakafupi ndi pensulo pa pepala, gunditsani mawaya uku ndi uku, LED iyaka mwa apo ndi apo. Graphite ameneyu ali m'nthaka yathu, ku Malingunde ndi ku Kasiya m'boma la Lilongwe, ndipo omwe akumufuna akumufunira mabatire a lithium a m'mafoni ndi m'magalimoto.

Ndikafika apa ndimawauza ana kuti mpanda womwe tamanga pakati pa ionic ndi covalent ndi wathu, chilengedwe sichiudziwa. Kugawana kofanana ndendende kumachitika pokhapokha maatomu ali amtundu umodzi, ngati H2 kapena N2. Akasiyana, wina amakoka peya ija kwambiri. Linus Pauling anaika manambala pa mphamvu yokokayi mu 1932, ndipo timaitcha electronegativity: fluorine 3.98, okosijeni 3.44, chlorine 3.16, haidirojeni 2.20, sodium 0.93. Kusiyana kukakhala kwakukulu, monga pa sodium ndi chlorine, peya imapita pafupifupi yonse mbali imodzi, n'kumati ionic. Kukakhala kwapakatikati, monga pa okosijeni ndi haidirojeni, peya imangopendekera. M'madzi mbali ya okosijeni imakhala ndi ka negative pang'ono, mbali ya mahaidirojeni ka positive pang'ono, ndipo poti molekyu yake ndi yopindika, pa ngodya ya madigiri 104.5 chifukwa cha mapeya awiri osagawana aja, kupendekerako sikufafanizika. Ndi chimene chimapatsa madzi mphamvu yozula ma ion pa kambulu ka mchere: mbali ya okosijeni imazinga sodium, mbali ya haidirojeni imazinga chloride. Thirani mchere mu parafini, ungokhala pansi osasungunuka, chifukwa mamolekyu a parafini alibe mbali yokokera. Mafuta ophikira amayandama pa msuzi osasakanikirana nawo pa chifukwa chomwecho. Kupendekera komweku kumachititsa kuti mamolekyu a madzi azigwirana okhaokha kuposa momwe kukula kwawo kukanalolera. Hydrogen sulphide, mpweya wonunkha ngati dzira lovunda, ndi wolemera kuposa madzi ndipo mamangidwe ake ndi ofanana nawo, koma umawira pa madigiri 60 kunsi kwa ziro. Madzi akanatsata mzere umenewo, nyanja ya Malawi bwenzi ili mpweya.

Za zitsulo sindichulutsa. Maatomu a chitsulo onse amagwira maelekitironi awo akunja mofooka, ndiye pakakhala zitsulo zokhazokha palibe wolandira. Maelekitironi akunjawo amangomasuka n'kumayenda paliponse m'chitsulomo, ma ion a positive n'kukhala m'mizere, akukokedwa ndi maelekitironi oyendayendawo mbali zonse. Kaimeni pomwe amisiri amasula ndowa ndi mbaula kumsika, muone momwe lata limapindikira pansi pa hamala osasweka. Mizere ya ma ion ikusuntha monga inasunthira mu mchere muja, koma kuno maelekitironi amasuntha nayo, ndiye positive siikumana ndi positive popanda chotchinga. Maelekitironi omwewo ndi amene amanyamula magetsi mu waya wa kopa, kopa yemwe anzathu a ku Zambia amakumba ku Copperbelt, ndiponso ndi amene amathamangitsa kutentha kuchoka pansi pa poto wa aluminiyamu kufika pa chogwirira mpaka mutafuna kansalu.

Nanga lamulo la 8 lija tilitaye? Ayi. Pa ma element omwe mumakumana nawo ku MSCE limagwira ntchito pafupifupi nthawi zonse, ndipo ndi njira yachangu yopezera formula. Chomwe ndimakana ndi kuliyesa chifukwa. Nambala 8 imatulukira kawirikawiri chifukwa ndi pomwe shell imathera: kuchotsa elekitironi kupyola pamenepo kumadya mphamvu yochuluka, monga 4562 ija, ndipo kuwonjezera ina kumaiika mu shell yatsopano yakutali komwe siigwidwa bwino. Pomwe masamu a mphamvu alola zina, maatomu amachita zina. Haidirojeni imakhazikika pa 2. Mu boron trifluoride, boron yazunguliridwa ndi maelekitironi 6 okha. Mu sulphur hexafluoride, mpweya womwe amaika m'maswitchi akuluakulu a magetsi, sulphur yagwirana ndi ma fluorine 6. Ayironi imapanga Fe2+ komanso Fe3+, ndipo palibe mwa ziwirizi yomwe ili ndi dongosolo la noble gas, ma element monga neon omwe shell yawo yakunja ndi yokwana kale; dzimbiri la pa khasu ndi Fe3+. Ngakhale ma noble gas enieniwo, omwe mabuku ankati sangalumikizane ndi chilichonse poti ndi okwana kale, Neil Bartlett anatsutsa mabukuwo mu 1962 ku University of British Columbia ku Canada pomwe anapanga compound ya xenon. Xenon ndi atomu yaikulu, maelekitironi ake akunja ali kutali, ndipo ikakumana ndi chokoka mwamphamvu ngati fluorine imagonja.

Choncho m'chipinda cha mayeso, funso likati fotokozani momwe magnesium oxide imapangikira, lembani 2.8.2 ndi 2.6, onetsani maelekitironi awiri akusamuka, ikani ma tchaji pa ma ion, tchulani kuti onse afika pa dongosolo la neon, ndipo musaiwale chiganizo cha kukokana kwa ma ion. Koma funso likayamba ndi "why", dzifunseni zinthu ziwiri musanagwire cholembera: ndi positive iti ikukoka negative iti, ndipo ndi chiyani chomwe chikutha kuyenda.

Ntchito ya kunyumba nayi. Aluminiyamu ndi 2.8.3, okosijeni ndi 2.6. Pezani ma ion ake, mupeze formula ya aluminium oxide, kenako munene ngati mukuyembekezera kuti isungunuke pa kutentha kochepera kapena kopitirira 801 ya mchere, ndipo mupereke chifukwa. Compound imeneyi ilipo pa poto wa mayi anu, kachikopa kopyapyala kosaoneka ndi maso komwe kamateteza aluminiyamu kuti asadyeke, ndipo ndi yomweyo yomwe imapezeka pa phiri la Chimwadzulu ku Ntcheu ngati mwala wa ruby, utafiira chifukwa cha ma ion ochepa a chromium omwe analowa m'malo mwa aluminiyamu. Amene wamaliza msanga andiuzenso chifukwa chake ion ya chromium yolowa m'malomo iyenera kukhala ya 3+.